Ndinadzafunsa za Digiri, Ndapeza Bambo Ali Gone

Kachulu, Zomba
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Wongani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine ndili kumudzi pa tchuthi, koma mtima suli m'malo.

Paja tinkakambirana zoti ndiyambe digiri ya zachuma ya pa intaneti ndikadali msilikali, kuti ndikadzavula yunifolomu ndidzalowe sukulu ya bizinesi. Inu munkati ndilembetse. Ine ndinkakayika, chifukwa dzina langa lili m'gulu lokasungitsa mtendere ku Congo, ndipo kutchire kumeneko netiweki ndi ya mwayi. Abwana anati ndisankhe chimodzi: ulendowo, kapena kutsala kukampu ku Zomba n'kumaphunzira. Ndiye ndinabwera kudzamva maganizo a bambo.

Achimwene, bambo sakuyenda.

Nditatsika minibasi ndinathamangira kudoko, poganiza kuti ndiwapeza akuyanika matemba. Pathandala pawo panali munthu wina. Mayi Jessie, ogulitsa mandasi aja, anandigwira mkono n'kundifunsa ngati achipatala anasintha mankhwala. Nditafunsa kuti mankhwala a yani, anangogwira pakamwa.

Kunyumba ndinapeza bambo ali gone pamphasa, pakamwa patakhota, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Anagwa ndi sitiroko nthawi yokolola mpunga. Miyezi yonseyi amayi akhala akutiuza kuti bambo ali kunyanja, n'chifukwa chake sabwera pafoni. Nditawafunsa, anayankha akuyang'ana kumbali: "Mwana wogwira mfuti sauzidwa zotere pafoni. Ukanasokonezeka kuntchito, ndikanalira anthu awiri."

Dzulo ndinakhala pambali pa bambo n'kuwafotokozera zonse, za Congo ndi za sukulu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka movutikira anati, "Pita." Ndinafunsa kuti ndipite kuti, ku Congo kapena kusukulu? Anabwerezanso mawu omwewo. Amayi ali pakhomo anandiuza kuti ndisavutike, liwu lomwelo ndi lokhalo linawatsalira. Akafuna madzi amati pita, abusa akabwera kudzawaona amatinso pita.

Ndinatuluka kukalira kuseri kwa nkhokwe.

Mmawa uno ndaimbira abwana kuti ku Congo andichotse. Ndilembetsa digiri ija. Sindikudziwa ngati a sukulu ya bizinesi adzailemekeze ngati digiri ya m'kalasi, ndipo kuwerenga nditachoka pa ntchito ya ulonda sikudzakhala kophweka. Komabe ndikakhala ku Zomba ndizitha kubwera Loweruka kudzawatembenuza bambo ndi kupita nawo kuchipatala, amayi apumuleko. Msana wawo watha.

Amayi musawakalipire, chonde. Imbani pavidiyo Lamulungu likubwerali tikachoka kutchalitchi, ndipo mukawaona bambo musadzidzimuke pankhope, amazindikira zonse.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akupereka moni, ngakhale sakudziwa kuti ndakuululirani. Bambo ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo andigwira dzanja ndi lawo lamanzere osafuna kulisiya, moti mizere yomalizayi ndailembera pabondo.

Ndine mlongo wanu,
Elenala