Masamba Pamsewu, Ana M'basi

Amayi anga, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Fanuwelo. Musadabwe ndi zilembo zokhotazi, mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Ndakhala pakhonde, mvula yangokata kumene, ndiye ndati ndikuuzeni za kuno.

Mpongozi wanu Esinati anachira mu Januwale, mwana wamkazi. Tamutcha Elube, dzina lanu. Akuyamwa bwino, koma kukazizira kachifuwa kamalira ngati kamphaka, ine tulo osabwera. Mkulu wake Tadala wakwanitsa zaka zinayi. Tsiku la maliro anu tinamunamiza kuti agogo akwera boti apita ku Chisi, ndiye mpaka pano akamva injini kunyanja amafunsa ngati ndi inu. Tinalakwa pamenepo, kaya tidzakonza bwanji.

Achemwali Joyisi anawokera mpunga m'munda mwanu monse, koma nyanja yakwera chaka chino, ndime ziwiri zakumunsi zamira. Chimanga chathu chachita chikasu, feteleza tinathira kamodzi kokha. Mbuzi yanu yamawanga ija inafa mu Novembala, inadya pepala la pulasitiki.

Ntchito ija munkandipempherera ndinaipeza mutapita kale. Ndimayendetsa kabasi ka sukulu ina ya pulayiveti. M'mawa ndimatola ana m'midzi ya kwa Mwambo kuno, masana ndimawabweza. Ndi ntchito imeneyi imene ikutidyetsa, palibenso kwina. Munkati mwana wa mwini ndi dzira, ukanyamula usayetsemule. Ine ndimanyamula mazira odzaza basi, amayi, pamsewu wa maenje okhaokha.

Ana ambiri alibe vuto. Amachita phokoso, amamenyanirana mpando wa pawindo, ukakuwa kamodzi amakhala chete. Koma pali mnyamata wina, Gifiti, wa sitandade seveni, msinkhu wandipitirira kale. Bambo ake ali ndi maboti a injini padoko, ndipo ana awo atatu onse ali pasukulu pomwepa. Gifiti amatsegula chitseko basi ikuyenda. Amalanda tiana ta sitandade wani zitumbuwa zawo. Ndinapita kwa a hedi katatu. Koyamba anati ndilembe lipoti m'Chingerezi. Kachiwiri anati aona. Kachitatu sanandipatse n'komwe mpando, anangoti, "A Fanuwelo, inu tinakulemberani chiwongolero. Za khalidwe la ana ndi za aphunzitsi." Komatu mphunzitsi sakwera basi. M'menemo wamkulu ndimakhala ndekha, maso kutsogolo, msana kwa ana.

Lachiwiri la sabata yatha ija, tikubwerera masana, ndinapeza masamba ataikidwa pamsewu pamudzi wina umene timadutsa tsiku lililonse. Maliro. Tsiku lanu ndine ndinathyola masamba a pamsewu wathu, ndipo sindiiwala dalaivala wa lole ya mchenga amene anazimitsa wailesi, kuvula chipewa, n'kudutsa ngati akuyenda pansi. Sankakudziwani, koma anakupatsani ulemu. Ndiye nanenso ndinavula kapusi, kuika giya wani, n'kuuza ana kuti aliyense atseke pakamwa. Titafika pakati pamudzi, bokosi linali likutuluka m'nyumba kulowera kumanda. Ndinaima, n'kuzimitsa injini.

Pamenepo Gifiti anatulutsa mutu pawindo, n'kuyamba kumenya m'mbali mwa basi ngati kondakitala wa minibasi. "Wa kumanda! Wa kumanda! Mmodzi watsala, tinyamuke!" Ana ena anaseka. Nyimbo ya azimayi inadukira pakati.

Amayi, sindinaonepo anthu akutembenuka onse nthawi imodzi chonchija. Adzukulu okumba manda anabwera ndi makasu awo, matope ali m'miyendo. Mmodzi anaphwanya galasi loonera kumbuyo. Wina anagwira chitseko akuti, "Titsitsire mwana ameneyo, akaone bwino kumene akuitanirako." Tiana tating'ono tinayamba kulira. Ndinakhoma chitseko, n'kutulukira cha kwanga, n'kugwada m'matope pamaso pawo ndikuomba m'manja. Sindikumbuka zimene ndinanena. Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wovala zoyera za mpingo, amene anati, "Taikani kaye malemu, mukufuna tikumbe awiri?" Mwana wa malemuyo, bambo waimvi, anandiloza n'kunena kuti, "Pita. Koma basi iyi isadzadutsenso pano mpaka kholo la mwanayo kapena aphunzitsi ake abwere adzakhale pamphasa apa."

Nditadutsa masamba achiwiri ndinaimikanso basi. Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo sindikubisirani. Ndinapita kumbuyo, ndinamupeza Gifiti akusekabe, ndinamumenya mbama imodzi. Imodzi yokha, koma ya munthu wamkulu. Inu simunatimenyepo kumaso. Munkati khofi limatuluka m'dzanja koma limakagona m'mutu mwa mwana. Ndinakumbuka mawuwo dzanja litabwerera kale.

M'mawa mwake bambo ake anafika pasukulu ndisanatsitse n'komwe ana. Anati achotsa ana awo onse atatu, ndipo ine akanditula kupolisi. Mwini sukulu, amene timawatchula a dayirekita, anandiitanira mu ofesi. Ndinafotokoza zonse, za bokosi, za makasu, za maulendo atatu aja ndinabwera kudzadandaula. A hedi anali pomwepo, anangoyang'ana pafoni. Bambo a Gifiti anati, "Mwana wangochita nthabwala, wapha munthu? Wakufayo anamva?" A dayirekita anati ndisankhe, kupepesa pa asembule kapena kusiya makiyi patebulo.

Ndinaganiza za kachifuwa ka Elube. Lolemba ndinaima kutsogolo kwa sukulu yonse, kapusi m'manja, n'kunena kuti, "Pepani a Gifiti, ndinalakwa." Kumenya ndinalakwadi, zimenezo sindikukana. Koma palibe amene anauza mnyamatayo kuti nayenso analakwa. Palibe. A hedi anangoti tiyimbe nyimbo ya fuko, ana akalowe m'kalasi.

Za kumudzi kuja ndinawafunsa a hedi kuti apita liti. Anati nkhani za kumudzi sizikhudza sukulu. Ndiye ndinagwira tambala wa Esinati, ndinapita ndekha panjinga. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa. Bambo waimvi uja anati, "Nkhuku talandira chifukwa mwayenda. Koma inu munagwada kale, mwanayo si wanu. Amene tikuwadikira sanabwere." Pobwerera, anyamata a pamenepo anandionetsa mulu wa miyala m'mbali mwa msewu.

Kuyambira Lachiwiri lija ndakhala ndikuzungulira njira ya kudambo. Ndi yaitali, ndipo pakati pake pali potsika pamene madzi amadutsa pamwamba pa msewu popita kunyanja. Mlatho palibe. Pali mwala woyera m'mbali umene a kabaza amayang'ana: ukamaoneka amawoloka, ukamira amabwerera. Masiku onsewa madzi amafika theka la tayala. Ndimawoloka kumbuyo ana akuimba, "Pepani a Gifiti! Pepani a Gifiti!" Ngakhale aja ankandimvera aleka. Ndikati khalani pansi, amandifunsa ngati ndikufuna asembule ina. Dzana kamtsikana ka sitandade thu kanatulutsa theka la thupi pawindo tili pakati pa madzi, ndinakuwa mpaka mawu kutha, osandimva.

Lero m'mawa, itagwa mvula ya kumapiri kuja, ndinafika pamadzipo ana ali odzaza. Mwala sunkaoneka. Madzi ofiira, akukokolola mapesi ndi nthambi. A kabaza anayi anali ataima tsidya lino, njinga atazigoneka.

Ndinaimbira a hedi. Anati, "Ana ali ndi mayeso lero. Dutsani pamudzi paja, anthu aja akungokuopsezani." Ndinati miyala ndinaiona ndi maso anga, ndipo mawindo ndi agalasi, pawindo pamakhala ana. Anati, "Ndiye wolokani, basiyo ndi yaitali, si njinga." Ndinati sindiwoloka. Kenako anati, "Mwayamba kutivuta, a Fanuwelo. Madalaivala ali mbwee ku Zomba." Gifiti anakuwa kumbuyo kuti adalaivala ndi amantha. Sindinatembenuke. Zoona ndinali ndi mantha.

Ndinabweza basi chambuyo mpaka pamene ndinapeza potembenukira. Ndinatsitsa mwana aliyense pamene ndinamutenga, mmodzimmodzi, mpaka Gifiti ndi abale ake pageti pa bambo awo. Makolo ena anandithokoza, ena anandifunsa kuti nanga mayeso. Pofika masana uthenga unalowa pafoni: a dayirekita akuti mawa ndibweretse basi ndi makiyi, apeza wina.

Wina ameneyo ndikumudera nkhawa, amayi. Adzakhala watsopano, wofuna kusangalatsa mabwana, ndipo za mwala woyera sadzazidziwa. Mawa ndikamupeza ndimukokera pambali ndimuuze, kaya amva kaya samva.

Esinati sindinamuuze. Ali apo akusambitsa Elube m'beseni, akumuimbira. Wandifunsa kuti bwanji ndabwera msanga, ndati madzi. Ndayamba kuuza inu kuti ndione ngati mawuwo angatuluke. Ndikamaliza kalatayi ndipita ndikakhale naye pansi.

Sindikudziwa kuti mwezi wamawa tidya chiyani. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana onse aja ali m'nyumba za makolo awo madzulo ano, zovala zili zouma, ndipo palibe msewu umene uikidwe masamba chifukwa cha ine.

Ndikulonjezani ichi. Mawa makiyi ndikapereka nditaimirira, sindikagwadanso. Ndikachoka kumeneko ndilunjika kudoko kukafunsa ganyu yosenza madengu a matemba, ngakhale anzanga andiseke kuti dalaivala watsika. Zidzukulu zanu sizigona ndi njala ine manja ndili nawo.

Gonani bwino, amayi. Timakukondani, ndipo takusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Fanuwelo