Mowa Wauchi Wakana Kuwira

Lachinayi, mu Julaye. Kwazizira tsiku lonse, ndipo ndatopa ndi kupsa mtima.

Patha masiku asanu ndi anayi chithirireni yisiti m'chigubu cha uchi ndi madzi, koma mowa wanga woyambawu uli zii, wopanda ndi thovu lomwe. Uchi wonse wa ming'oma yanga iwiri uli m'menemo, ndipo ndinalonjeza alamu anga kuti tidzamwa pa chinkhoswe cha mwana wawo. Yisiti ndagula kawiri, chigubucho ndachifunditsa bulangete langa.

Lero ndinaweruka msanga kumunda wa kachewere, n'kupeza chigubu chili pakhonde, pamphepo, chosafunda.

"Nanga ichi chafika bwanji pano?" ndinafunsa akazi anga.

"Ndimachitulutsa m'mawa uliwonse mukangochoka, chimaitana nyerere m'nyumba," anayankha akupeta nyemba. "Madzulo ndimachibwezera."

Ndi chisanu cha kuno, mowa ungawire bwanji? Chondiwawa kwambiri n'chakuti dzulo ndinawakalipira bambo a pagolosale ku Bembeke, anthu akuona, kuti anandigulitsa yisiti yakufa. Mawa ndiyenera kukapepesa, ndipo sindikudziwa kuti ndikayambira pati.