Malume Amene Anakumba Manda Anu

Lundazi, Okutobala 1992

Amayi, kumeneko mukudzukako bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba. Chimanga chinauma chisanamasule, mtedza tinangopezako wa mbewu, moti tikudya chimanga chachikasu chathandizo, chomwe inu mukanati n'cha nkhuku. Koma yabwino ilipo: mpongozi wanu Tamala anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu. Akamalira, kakamwa kamapindikira kumanzere ngati inu mukamakana mtengo wa mchere pamsika.

Ntchito ndi yomwe ija munkati yosewera ndi inki. M'mawa ndimaphunzitsa, masana ana a kalabu ya ndakatulo amandibweretsera zolemba zawo. Ena, akathyali, amakopera nyimbo za pawailesi n'kusainapo pansi. Amenewo ndimawaimika kutsogolo n'kuwauza kuti kuika dzina lako pa ndakatulo ya mnzako ndi kukolola m'munda mwa eni. Zabwinozo ndimazidulira, kuzitaipa pa sitensulu, n'kupukusa makina a kusukulu mpaka timabuku tituluke. Timakatigulitsa pamsika wa Lundazi.

Tsono mverani za mwana wanu Esinati. Chikuikireni inu ku Kasungu, mlongo wangayu wayamba kupeka ndakatulo. Papepala salemba, mukudziwa mmene amapisira m'zikwama pamalire. Amaphunzitsa Nangondo, mayi wogulitsa zitenje uja, ngati nyimbo, ndipo Nangondo akawoloka amandilakatulira kuseri kwa msika, ine n'kumalemba. Ina ndi ya inu. Ikunena za tsiku lija anyamata a malaya ofiira anakutsitsani m'basi muli wodwala, chifukwa munalibe khadi la chipani, inu n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala. Nditaimva ndinalira pamaso pa anthu, sindikubisani. Poisindikiza ndinachotsamo dzina la mudzi, dzina la mwini wake sindinaike, koma mawu anu aja akuti, "Miyendo yanga siifunsa khadi," dzanja linakana kuwadula. Nanga kumudzi kwathu ndani sawadziwa mawu amenewo? Wowerenga wa kumeneko adziwa yekha kuti wolemba ndi mwana wanu, ndipo ana anu tilipo awiri basi.

Ndiye kunabwera munthu. Dzina ati Sikelo. Anatulukira pakhomo nkhuku ili kukhwapa, kabuku kathu kali m'thumba la malaya, ati akugwira ganyu m'minda ya fodya ku Chikomeni. Ati ndi mlongo wanu, mwana wa abambo anu aang'ono, ndiye ndizimuti malume. "Chibale ndi fupa, mphwanga, sichiola." Amayi, munthu ameneyu mukumudziwa? Inu munkatitchulira abale onse, mpaka aja anapita ku Joni osabwerako, koma za Sikelo sindinamvepo.

Tamala anamulandira ndi "monire, monire" wa kwawo, n'kumandinena kuti ndili ndi mtima wa mfiti. Mwina n'zoona. Koma waganyu uti wovala nsapato zopolisha chonchija? Waganyu uti amene Lachitatu masana amapeza mpata wodzakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumaombera m'manja ana akamalakatula? Ndipo mafunso ake, ha! "Nangondo paja amabwera tsiku lanji?" Mawa lake, "Esinati kusukulu ankakhoza Chichewa, eti?" Mkuja, "Ya khadi ija ndiye yokoma, mwini wake ndani kodi, ndikamuthokoze?" Munkati munthu wokufunsa kawiri yankho ali nalo kale, akungofuna pakamwa pako pomuikira umboni. Ndinkangoseka n'kumuthirira tiyi.

Nkhope yake inkandivutitsa, ngati ndinaionapo. Loweruka lina anapeza Tamala akusalaza pabwalo. Pofuna kuonetsa umalume anamulanda khasu, n'kupinda buluku. Pakatumba pa mwendo wamanja pali chipsera chachitali, choyera. Chipsera chimenecho ndinachiona tsiku la maliro anu, mwini wake akutuluka m'dzenje, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anali pakati pa adzukulu, akupempha fodya n'kumachita nthabwala monga achitira adzukulu. Chiyambire liti mlongo kukumba manda a mlongo wake? Abale tinali patsinde pa mtengo tikulira, okumba amakhala adera. Kapena ankayesa kuti wolira saona.

Sindinamuyalutse. Ndikanatero akanangobwerera kwawo n'kukagogoda kwa Esinati, amene ali yekha ndi ana kutsidyako. Ine kuno akazitape aboma sangandigwire. Kwathuko munthu amatengedwa akudya, osaonekanso. Ndiye atafunsanso ndinamuyang'ana m'maso n'kuti, "Malume, mukuvutikiranji? Ndi yanga. Ndinailemba ndine." Anaseka, koma maso sanaseke nawo. Kuti asakayike, ndinataipa sitensulu yatsopano, dzina langa lili pansi pake m'zilembo zazikulu, n'kupukusa mpaka mkono kuwawa. Ndinakailakatula ndekha pamsika, iye ali pomwepo. Anatenga timabuku tiwiri. Chichokereni tsiku limenelo sanabwerenso, ngakhale kutsanzika. Ndinafunsako anthu a ku Chikomeni, aliyense akuti Sikelo wake uti.

Mwina ndamulakwira, Amayi. Mwina ndi wosauka chabe amene anapeka chibale kuti azidya nawo m'chaka cha njalachi. Inu kumeneko mukudziwa zoona zake, ine ayi, ndipo sindikanayesera pamutu pa Esinati. Ngakhale Nangondo ndayamba kumuyang'ana m'mbali, Mulungu andikhululukire. Ndamuuza kuti asandibweretserenso kanthu.

Zondiwawa zilipo. Ana a kalabu anandiombera m'manja, ati aphunzitsi mwalemba yoposa zonse, ine n'kumagwedeza mutu ngati tambala. Ndakatulo yoyamba ya Esinati kulowa m'buku yatuluka ndi dzina la wina, ndipo sindingamutumizire ngakhale mawu omufotokozera chifukwa. Akaiona adzati achimwene andibera.

Chachikulu n'chakuti mwezi wamawa abale akumanga chiliza pamanda panu, monga tinapanganirana. Simenti ndinatumiza kale, koma ine musandiyembekezere. Dzina langa linawoloka malire ndi timabuku tija, ndipo ndikalitsatira sindibwerako. Mukaona onse afika, mwana wanu woyamba palibe, musati ndakuiwalani.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koopsa. Tsiku limene miyendo ya anthu idzayenda osafunsidwa khadi, ndidzabwera ndi kamdzukulu kanuka kumsana kwa amake. Ndidzaima kumutu kwa manda anu, kalabu yonse ikumva, n'kunena kuti ndinakolola m'munda mwa mlongo wanga. Ndikatero ndidzakhala pansi, Esinati akulakatulireni yekha.

Ndine mwana wanu,
Filimoni