Mbale Yobenthuka Ija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kutuluka panja kukaothera dzuwa? Ife kuno tilipo, kungoti fumbi latipatsa chifuwa nyumba yonse.

Ntchito ikuyenda mokwawa. Anthu asiya kusoketsa zatsopano. Amene akubwera pakhonde panga masiku ano ndi ofuna kubweza m'chiuno mwa mathalauza ndi masiketi. Sabata yatha yokha ndinabweza zovala zisanu ndi ziwiri. Telala sadikira wailesi kuti adziwe za njala, tepi yake imamuuza.

Koma chimene ndalembera ndi nkhani ya Mzime wathu. Mtima ukhale m'malo, ali moyo ndipo sanavulale, koma ali m'manja mwa apolisi kuyambira Lachiwiri.

Mukuidziwa ntchito yake yoyeza ana pa sikelo kuchipatala. Miyezi yapitayi akabwera kwathu ankangokhala duu, tiyi mpaka kuzizira. Tsiku lina anandiuza kuti ana akupepuka m'malo molemera, ndipo ena amayi awo asiya kubwera nawo, iye n'kumaopa kufunsa chifukwa chake. Iye ndi anzake analembera boma kawiri, yankho osabwera. Ndiye Lachiwiri lija anayenda mumsewu, aliyense atanyamula mbale yopanda kanthu.

Anadutsa pamaso panga penipeni. Panalibe wogenda kapena wotukwana, ankangogogoda mbalezo ndi supuni. Ndinaimitsa makina. Mzime atandiona anakweza mbale yake m'mwamba kuti ndiione bwino. Achimwene, inali mbale yathu ija yoyera, ya mkombero wabuluu, yobenthuka pambali, imene amayi anamupatsa pobwera kuno. Atafika pamphambano anapeza magalimoto a polisi akuwadikira. Akuti analibe chilolezo choyendera. Apolisi anawakweza m'magalimotomo, mbale zonse n'kuzisunga ngati umboni wa mlandu.

Kuyambira tsikulo masana aliwonse ndimatseka makina n'kukapereka chakudya kupolisi. Kumeneko lamulo lake n'lakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa wapolisi akuona. Amene amakhala pakauntala ndi bambo wa imvi, ife tonse timangowatchula kuti a Lawani. Amaloza okha polawa, pakati, m'mbali, ndi pansi pomwe. Mlamu wanu akuti pa mlandu wonsewu wonenepa ndine ndekha. Dzana a Lawani, akutseka chivindikiro, anandinong'oneza kuti nawonso alandira uthenga kuchokera kwawo kuti nkhokwe ili mbee.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa. Ndinatengera mpunga ndi nyemba m'kakontena ka munthu mmodzi. Mzime anatumiza mawu kuti m'chipinda chimene awatsekera muli amayi asanu ndi anayi, ndipo anayi mwa iwo alibe wowabweretsera kanthu. Tsopano ndimanyamula poto wathunthu.

Nali pempho langa. Khoti lati Lolemba likhoza kumutulutsa pa belo ngati pataimirira abale awiri okhala ndi ziphaso, ndipo mmodzi wa iwo akhale ndi kalata ya kuntchito. Ine ndiimirira, koma pakhonde la sitolo palibe bwana wondilembera kalata. Wachiwiri akapanda kupezeka, amupititsa kundende yaikulu mpaka mlandu udzayambe, ndipo tsiku lake palibe akulidziwa. Ndikupempha kuti wachiwiriyo mukhale inu.

Ndikudziwa kulemera kwa chimene ndapemphachi. Sukulu yanu ndi ya boma, ndipo kwatsala zaka ziwiri zokha kuti mupume. Ndikukumbukanso kuti munamuchenjeza Mzime kuti misonkhano yake ndi anzakewo aisiye, mpaka munasiyana osatsanzikana. Iye mwini anandiletsa kukulemberani. Anati asakuonongereni ntchito ya zaka makumi atatu chifukwa cha mbale imodzi. Ine sindinamumvere.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Mayi wina wa m'chipindamo anatuluka dzulo, ndipo anadzera pakhonde panga kudzathokoza. Anandiuza kuti poto akalowa, Mzime amagawira aliyense, iye n'kutapa kawiri kokha, kenako n'kusisita mimba, amvekere wakhuta. Nditapita masana ndinamudzudzula, ndinamufunsa kuti bodza limeneli analiphunzira kuti. Anaseka, n'kundiuza kuti ndikafunse achimwene.

Mukukumbukira chaka cha njala chija, bambo ali kutali? Ine ndinali ndi zaka khumi, iye zisanu. Tinkadya atatu m'mbale yobenthuka yomweyo, ndipo inu mukatapa kawiri munkanena kuti mwadya kale kwa mnzanu wa kusukulu, n'kukankhira mbale kumbali yathu. Ine ndinkakhulupirira, ndipo ndakhala ndikukhulupirira mpaka dzulo. Mzime akuti iye ankadziwa. Anakupezani kangapo kuseri kwa khitchini mukumwa madzi makapu atatu motsatizana, koma sanaulule, poopa kuti muchita manyazi.

Ndinabwerera kumakina ulusi osaoneka bwino pa singano. Akuti chibale ndi fupa, sichiola, koma ine sindinadziwe kuti fupalo ndi inu amene munalisunga chaka chimenecho.

Sindikukupemphani kuti muvomereze zimene anachita. Mukafuna kumukalipira, mudzamukalipire ali panja, ndidzakuthandizani. Za kuwauza amayi ndasiyira inu, mumadziwa kuwafikitsira nkhani kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo ndalisoka m'mphepete, mudzalitenga pobwerera. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Mlamu wanu kuno akupereka moni, ndipo wakuyalirani kale m'chipinda cha ana.

Basi ya Lamlungu m'mawa imafika kuno cha m'ma leveni. Ndikakhala ndili pa depoti ndi poto m'manja, kuti tikapereke limodzi. Tsiku limenelo a Lawani akaloza, wolawa mudzakhale inu, ndipo ulendo uno musadzanene kuti mwadya kale.

Ndine mng'ono wanu,
Telala wa pakhonde