Ndinamuuza Jamarion Kuti Awakane

Greenwood, Mississippi
11 Febuluwale 2024

Okondedwa Achemwali Vernice,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Chicago sichinakumalizeni, ndiponso kuti bondo la abambo likuwapatsako mpata. Ine kuno ndili bwino, mpaka ndanenepako. Mwina mwadabwa kuona keyala yachilendo pamwambapa. Khalani pansi ndikuuzeni zomwe ndakhala ndikuzemba pafoni, paja mukandifunsa za ntchito ine ndimayankha za nyengo.

Ntchito ya kuyunivesite ija inatha mu Disembala. Timu yathu ya mpira wachimereka, wovala zisoti uja, italuza magemu asanu ndi awiri, anachotsa kochi wamkulu, ndipo watsopanoyo anabwera ndi anthu ake. Ife othandiza kochi wakaleyo tonse anangotipatsa makatoni olongedzeramo. Zimenezo sizinandiwawe kwenikweni, mpira ndi momwemo. Chinandisowetsa mtendere ndi nkhani ya Jamarion Gatlin.

Jamarion ndi mnyamata wa ku Belzoni, akumaliza sekondale chaka chino, chimphona choti chikagwetsa munthu pabwalo, chisoti chimagubuduka pachokha. Ndinamupeza ndine. Kwawo ndinapitako kanayi, mayi ake n'kumandikazingira mlamba, ndipo patebulo lawo ndinalonjeza kuti mwana wawo adzaphunzira ulere zaka zinayi akusewerera timu yathu. Choipitsitsa, achemwali, n'chakuti mu Okutobala mayunivesite ena awiri ankamufuna, ine n'kumuuza kuti awakane. Mphekesera zoti bwana wathu achotsedwa ndinali nditazimva kale. Ndinangoti zii.

Tsiku lomwe ndinkalongedza, mlembi wa mu ofesi anandinong'oneza kuti dzina la Jamarion alifufuta, ndipo amuimbira Lolemba kumuuza. Ndinaliza galimoto mpaka ku Belzoni. Mayi Gatlin ndinawapeza pakhonde, atangoweruka kufakitale ya nsomba.

"Akochi, nkhope imeneyo si ya munthu wodzadya," anatero. "Wamwalira ndani?"

Ndinafotokoza maso ali pansapato. Kenako ndinawapempha kuti mwanayo amuuze okha, poti ndiwo amamudziwa mtima.

"Ine? Ndinalonjeza ndine? Mlamba wanga munkadya ndi pakamwa panupo, lero patsekeka? Ali kuseriko, pitani."

Ndinamupeza akutsuka galimoto ya amalume ake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, paipi ili m'manja, madzi akungotayika.

"Ndalakwa chiyani, akochi?"

"Palibe, mwanawe. Wolakwa ndine."

"Ndiye anzanga ndikawauza chiyani? Jezi ija ndinavala kale ngakhale kutchalitchi."

Ndinangomuuza kuti andipatse masabata atatu, iye n'kupitiriza kutsuka tayala lomwe anali atatsuka kale.

Masabata atatuwo ndinakhalira foni. Kulikonse ankati malo adzaza, ena osayankha n'komwe, paja munthu wochotsedwa ntchito nambala yake imasanduka yachilendo. Potsiriza ndinaimbira Roscoe Tubbs. Mukumukumbukira, uja anandithyola mphuno pa mpira tili kusekondale, ine n'kulumbira kuti sindidzamulankhulanso. Pano ndi kochi pa kakoleji kena ku Arkansas.

"Odell! Mphuno ija inawongoka?"

"Ndili ndi mwana wabwino, Roscoe."

"Akanakhala wabwino ukanandipatsa ine, iweyo? Tumiza kanema wake tione."

M'mawa mwake anaimba yekha. "Ameneyu amusiya? Kwanuko anthu ali ndi maso? Bwera naye Loweruka, koma iwe usalowe m'bwalo langa, ungandipatsire tsoka."

Lachitatu lapitali Jamarion anasaina mapepala a kukoleji ya Roscoe mu holo ya pasukulu pawo. Komwe akupitako kulibe bwalo lalikulu, pa TV sadzaoneka, koma aphunzira ulere, ndipo ndi ulendo wa maola atatu okha, mayi ake azitha kukamuonera. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mayi Gatlin anandikodola ndi chala.

"Mwabisala chiyani uko? Bwerani mujambulitse. Sindinakukhululukireni ayi, koma chithunzi chisakhale ndi mpata."

Jamarion anandikoloweka mkono m'khosi mpaka kupuma kunandivuta. Chithunzicho ndachiika m'kalata muno. Wofiira masoyo ndine.

Za ine musadandaule. Ndalembedwa pasekondale ina kuno ku Greenwood, m'mawa ndikuphunzitsa mbiri yakale, masana ndili ndi timu ya anawa. Ambiri ndi owonda ngati bango ndipo sadziwa kumanga chisoti, koma amaseka, nanenso ndayambanso kuseka. Ndikugona pabedi langa sabata yonse, za m'mahotela zija ndaiwala. Kanyumba kanga kali ndi chipinda cha alendo, ndiye pa Isitala bwerani ndi ana. Mundibweretsereko mbewu ya therere ija amayi ankadzala, ngati inatsalako, kuseri kuno kuli dothi labwino.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa adzukulu onse. Abambo ndikudziwa kuti kometera tsitsi kuja amauza aliyense kuti mwana wawo amaoneka pa TV. Maso awo atopa, ndiye kalatayi muwawerengere ndinu, pang'onopang'ono. Ndikudziwa mtima wanu, mudzafuna kunditchinjiriza monga munkachitira tili ana. Chonde muwerenge yonse, musadumphe paliponse. Akakhala chete musawafulumize. Ndidzaimba Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, ndipo akafuna kulankhula nane mudzawapatse foni.

Ndatha ine mlongo wanu,
Odell