Malo Anga Aja Pambali pa Amayi

New Orleans, 4 Novembala

Achemwali anga a Theda,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Wilfred. Kodi bondo lija linasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene m'mawa uliwonse umandikumbutsa kuti sindine mnyamatanso.

Ntchito ikadali yomwe ija yomata timanyumba ta manda akale a mumsewu wa Esplanade, momwe anthu a banja limodzi amaikidwa m'kanyumba kamodzi m'malo mokwiriridwa m'nthaka. Sabata yathayi kunali pikitipikiti chifukwa cha Tsiku la Oyera Onse. Mabanja anabwera ndi njereza, masache ndi maluwa achikasu, ena ndi mapoto a chakudya, n'kukhala tsiku lonse pafupi ndi abale awo ogona. Alendo ojambula zithunzi nawo anali mbwee. Wina anandifunsa ngati ndinaonapo mzukwa. Ndinamuuza kuti zaka makumi atatu zonsezi ndaona mphemvu zokhazokha.

Tsopano khalani pansi, chifukwa nkhani imene ndalembera kalatayi ndi iyi.

Kuno kuli mayi wina wamasiye, dzina lake Odile Baptiste, mphunzitsi wopuma pantchito. Chaka chatha khoma la manda a banja lawo linang'aluka, mvula n'kumalowa, ndiye anandiitana kuti ndikonze. Ntchito ya masiku anayi ndinaigwira milungu itatu. Iye anazindikira. Tsiku lina anandifunsa ngati khomalo ndikulimata kapena ndikulifunsira banja, kenako anandiitanira nyemba ndi mpunga kwawo Lolemba. Kuyambira pamenepo palibe Lolemba limene ndadyera kwina.

Pa Tsiku la Oyera Onse tinkapaka njereza limodzi pamanda omwewo, ndipo ndinalimba mtima n'kumufunsira. Anandilozera mwala wapakhomo pamene palembedwa mayina a agogo ake, makolo ake, ndi malemu mwamuna wake, Rudolph.

"Iwe Clovis, tamvera," anatero. "Sindingakwatiwe ndi munthu woti tsiku lomaliza abale ake adzamukweze galimoto kupita naye kwawo ku Ville Platte, ine n'kutsala ndi chipewa chake. Ukandikwatira, udzagona muno."

Ndinamufunsa ngati a Rudolph angalole zimenezo. Anati Rudolph anali munthu wopanda nsanje, wokonda tulo, ndipo mafupa ake anatsikira kale pansi, shelefu ya pamwamba yoikapo bokosi la maliro ili mbee. Anawonjezera kuti ineyo ndi amene ndinatseka podontha, ndiye sindingadandaule za nyumbayo.

Achemwali, ndinavomera. Ndinavomera burashi ili m'manja, njereza ikuyenderera m'chigongono. Ukwati tapangana kuti udzakhale mu Januwale.

Koma ndikukwera basi kubwerera kunyumba, mtima unandilemera. Mukukumbukira kuti Amayi atadwala ndinachedwa kunyamuka, n'kufika atatsikira kulichete dzulo lake. Pamanda paja ndinalonjeza pamaso panu kuti popeza ndinawasiya ali moyo, ndikadzafa ndidzagona pambali pawo. Inuyo mwakhala mukulambula malo opanda munthuwo zaka khumi ndi ziwiri, osadandaula ngakhale kamodzi. Lonjezo limenelo ndaliphwanya osakufunsani n'komwe, ndipo manyazi ndili nawo.

Nditamuuza Odile zimenezi analira. Anati akanadziwa sakananena mwa njira ija, koma mawu ake sabweza, chifukwa kusiyidwa anakulawa kale. Ndi iyeyo amene wandiumiriza kuti ndikulembereni ndi dzanja langa, osati kungoimba foni.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu mukatuluka m'tchalitchi, mupite kumanda mukawauze Amayi m'malo mwanga. Ine mawu angandithere. Inu munkadziwa kuwauza zolakwa zanga m'njira yoti mapeto ake azingoseka. Mukawauze kuti mwana wawo amene ankati adzafa osakwatira uja wapeza munthu womufuna ali moyo, womufunanso atafa. Mukandikwiyira, kwiyani ndithu, ndikuyenera, koma mundiyankhe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Verna, kwa adzukulu anu onse, ndi kwa msuweni wathu Percy, amene ndikudziwa kuti aseka mpaka kugwa pampando. Odile nayenso akupereka moni, ndipo akuti akukuopani.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Clovis