Chipepeso pa Imfa ya Bambo Bonifácio Solomoni, Womvera Radiyo Zakutali

Mualadzi, 14 Janeiro 1988

Kwa mayi Custódia, akazi a malemu, ana ndi abale awo, ndiponso kwa anthu onse a kuno kwathu:

Bungwe la Omvera Radiyo Zakutali lalandira ndi mantha ndi chisoni chachikulu uthenga wakuti bambo Bonifácio Solomoni, amene analiyambitsa ndi kulitsogolera zaka zisanu ndi zinayi, anatisiya Lachiwiri lapitali, patangopita masiku anayi chibwerere kumene anthu amfuti anakawafunsa mafunso.

Malemuwa ndiwo anatiphunzitsa kuti m'maiko akutali muli anthu amene amayankhulana pa radiyo zawozawo mongokonda chabe, ndi kuti pa mpikisano wawo omvera nawonso ali ndi gawo: kulemba zilembo zimene aliyense amadziitanira, ola limene wamveka, ndi nambala ya mphamvu ya mawu ake. Anamanga waya kuchokera padenga kufika pamtengo wa mbawa, ankayanika mapilya, mabatire a radiyo, padzuwa kuti atsitsimuke, ndipo mu 1984 anamva anthu mazana awiri ndi khumi pa masiku awiri okha, makalata oyamikira nabwera kudzera pamalire a ku Cassacatiza, ina mpaka yochokera ku Brasil.

Kaderno wawo, buku limene ankalembamo zimene amva, ndiye anawapalamulira. Lamulo la mpikisano limati ola lilembedwe monga mwa ku Greenwich, kumene kumatsalira maola awiri poyerekeza ndi kuno, ndipo malemu sankaphwanya lamuloli ngakhale pa tsiku wamba. Anthu amfuti amene anatenga kadernoyo anapezamo zilembo, manambala ndi maola osagwirizana ndi wotchi ya munthu aliyense, nati awa ndi mauthenga obisika.

Mlembi wa bungwe, mayi Lídia António, amene akulemba uthengawu, analipo tsiku limene anthuwo anabwera kudzatenga malemu. Anaima kumpanda, mwana wawo Semu kumsana, maso ali pa manja a anthuwo, ndipo anamva malemu akuti: "Abambo anga, radiyo iyi ndi makutu okhaokha, pakamwa ilibe. Ikanakhala yoyankhula, bwenzi nditaitanitsa kale mchere ku Tete." Palibe anaseka. Mayi Lídia sanatsegule pakamwa, chonsecho masamba ena m'kadernomo ndi a dzanja lawo. Lero bungwe likuchitira umboni pamaso pa onse kuti radiyoyo sinkatumiza mawu kwa munthu aliyense.

Bungwe likudziwanso kuti kumaliro kunabwera anthu ochepa, ndi kuti pachitsime amayi akumatula mitsuko patali mayi Custódia akafika. Mlembi atapita kukapepesa, podzera kuseri kwa khola, namfedwayo anati: "Amake Semu, mwadzeranji kuseri ngati mwabwera kudzaba nkhuku? Chimanga changa chikufa ndi udzu. Ngati n'kundipepesa, mubwere ndi khasu, mudzere kumsewu."

Choncho, m'malo mwa onse a m'bungwe, tikupereka chipepeso chathu kwa inu mayi, kwa ana anu ndi kwa abale onse, ndi kupempha Chauta kuti akulimbitseni mtima pa nthawi yowawayi. Loweruka dzuwa litakwera, ife khumi ndi mmodzi amene tatsala tidzadzera kumsewu, makasu paphewa, kupita kumunda kwanu. Ofuna kudziwa kuti ndife yani asavutike n'kufunsa, pakuti maina athu ali pansipa, aliyense wadzilembera yekha, kuyambira la mlembi.

Lídia António,
Mlembi wa Bungwe